ANA NDI ZIDZUKULU ZA DR. LIVINGSTONE: KULONDOLA CHIBALE M'MABUKU AKALE

Ana a sukulu akamaphunzira za nkhondo ya John Chilembwe, kaŵirikaŵiri amafunsa funso ili: kodi Mzungu uja wotchedwa Livingstone, amene anaphedwa ku Magomero m'chaka cha 1915, anali mwana kapena mdzukulu wa Dr. David Livingstone? Ena amavomera msanga poona kuti dzina ndi limodzimodzi. Koma dzina palokha silikwanira kukhala umboni wa chibale. Yankho lenileni limapezeka polondola mabuku a maukwati, kaundula wa ana obadwa, makalata, mndandanda wa asilikali ndiponso mau olembedwa pa miyala ya manda. Nkhani ino ikutsata mapazi amenewo, kuyambira pa tsiku la ukwati kufikira kwa zidzukulu.

Wolondola chibale amayambira pa ukwati, pakuti ndi pamene mabanja aŵiri amakumana. David Livingstone anabadwa pa 19 Malichi 1813 ku Blantyre, m'dziko la Scotland, ndipo makolo ake anali a Neil Livingstone ndi mai Agnes Hunter. M'mwezi wa Januwale 1845 anakwatira Mary Moffat, mwana wa mbusa Robert Moffat, pa mishoni ya Kuruman, kumene lero ndi ku South Africa. Ukwati wake unali womwewo basi. Mary atamwalira mu 1862, iye sanakwatirenso kufikira imfa yake mu 1873. Motero ana onse a m'banjamo ndi a mai mmodzi. Komabe pali kamsampha poyamba pomwe: pa zaka zimenezo David ankalemba dzina lake kuti Livingston, popanda chilembo chomaliza chija, ndipo anayamba kuchiwonjezera patapita zaka ngati khumi. Munthu wofufuza amene saganizira za kusintha kwa kalembedwe ka maina angadumphe tsamba lomwe akulifunalo.

Ana anabadwa asanu ndi mmodzi: Robert mu 1846, Agnes mu 1847, Thomas mu 1849, Elizabeth mu 1850, William Oswell mu 1851 ndi Anna Mary mu 1858. Maina ameneŵa paokha amanena mbiri. Robert anatenga dzina la agogo ake a kuchikazi, ndipo Agnes la agogo ake a kuchimuna. Thomas Steele ndi William Oswell anatchedwa maina a abwenzi a bambo wao, Azungu aŵiri osaka nyama amene anayenda nao m'zipululu. Atswana ankatchula Mary kuti Ma-Robert, monga momwe kuno amanenera kuti amake a uje, ndipo dzina lomweli ndi limene linapatsidwa kwa sitima ya pamadzi imene inakwera mtsinje wa Shire mu 1859.

Elizabeth anakhala moyo masabata asanu ndi limodzi okha, ndipo anaikidwa ku Kolobeng, m'dziko limene lero ndi Botswana. Kumeneko kunalibe ofesi ya boma yolemba ana obadwa. Mwanayu akudziŵika chifukwa bambo wake anamtchula m'makalata. Apa pali phunziro kwa aliyense woŵerenga ana a kholo lake: makanda omwalira msanga ndiwo amayamba kusoŵa pa mndandanda.

Tsono poyang'ana zaka zija, pakuoneka mpata wa zaka zisanu ndi ziŵiri pakati pa Oswell ndi Anna Mary. Mpata wotere umafuna kufunsidwa chifukwa chake. Mu 1852 Mary ndi ana anai anakwera sitima ku Cape Town kunka ku Britain, pamene mwamuna wake anayamba ulendo wautali umene unamfikitsa ku Luanda, nabwerera kudzatulukira ku Quelimane. Banjali linakumananso kumapeto kwa 1856. Anna Mary anabadwira ku Kuruman mu Novembala 1858, bambo wake ali ku Zambezi, ndipo aŵiriŵa anaonana maso ndi maso koyamba mu 1864, mwanayo ali ndi zaka zisanu. Pamenepo mai wake anali atatsikira kale kumanda. Mary anamwalira ndi malungo pa 27 Epulo 1862 ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi ku Mozambique, ali ndi zaka 41, ndipo anamuika pafupi ndi mtengo wa mlambe.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, ndipo ana a m'banja ili anabalalikadi. Wovuta kumlondola koposa onse ndi Robert. Mu 1863 anapita ku Natal pofuna kukakumana ndi bambo wake, koma zinakanika. Kenaka anapezeka ku America, kumene kunali nkhondo ya pachiŵeniŵeni, ndipo analoŵa usilikali ku mbali ya Kumpoto, m'gulu la ku New Hampshire. Koma m'mabuku a asilikaliwo mulibe Robert Livingstone. Muli Rupert Vincent. Chimene chimalumikiza maina aŵiriŵa ndi kalata imene mnyamatayu analembera bambo wake, yofotokoza kuti wasintha dzina poopa kuchititsa manyazi dzina la banja. Anavulala pa nkhondo ku Virginia, adani namgwira, ndipo anamwalira mu Disembala 1864 m'ndende ya ku Salisbury, North Carolina, asanakwanitse zaka 19. Pakadapanda kalata imodzi ija, mwana wachisamba wa Dr. Livingstone akadangozimirira m'mbiri.

Thomas anamwalira ku Alexandria, m'dziko la Egypt, mu 1876. Oswell anatsagana ndi gulu lokafunafuna bambo wake mu 1872, nabwerera ali ku Zanzibar atamva kuti Henry Morton Stanley wawapeza kale. Pambuyo pake anakhala dokotala ndipo anagwira ntchito ku Trinidad.

Apa funso la poyamba lija likuyankhika. William Jervis Livingstone, kapitao wamkulu wa esiteti ya Magomero amene anaphedwa usiku wa 23 Januwale 1915, anabadwa mu 1865 pa chilumba cha Lismore ku Scotland. Sangakhale mwana wa Mary, amene anamwalira zaka zitatu iye asanabadwe. Sangakhalenso mdzukulu, pakuti Robert anafera ku America, ndipo Thomas ndi Oswell anali akali anyamata a pasukulu. Bambo wake anali Livingstone wina, mlaliki wa kwao komweko. Makolo a Dr. Livingstone anachokera ku chilumba china chotchedwa Ulva. Chibale chimene chimanenedwa pakati pa mabanja aŵiriŵa ndi cha patali, cha mfunda chabe. Si Phiri aliyense amene ali mwana wa Kalonga.

Koma nkhani siithera pamenepo ai. Mdzukulu weniweni analipo ndithu ku Magomero, kungoti dzina lake linali lina. Agnes, mwana wamkazi wamkulu uja, anakwatiwa mu 1875 ndi Alexander Low Bruce, munthu wachuma wa ku Edinburgh. Bruce anagula malo aakulu ku Magomero, oposa maekala 150,000, komwe kuja amishoni a Bishopu Charles Mackenzie anayamba kumanga mu 1861. Iye anamwalira mu 1893, ndipo m'kupita kwa nthaŵi mwana wake, Alexander Livingstone Bruce, ndiye anagwira chiwongolero cha A. L. Bruce Estates. Pa malo ameneŵa anthu, makamaka Alomwe othaŵa nkhanza ku Mozambique, ankagwira thangata miyezi yambiri m'minda ya thonje ndi fodya. Sukulu ndi matchalitchi zinali zoletsedwa, ndipo nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe anamanga zinatenthedwa. Kapitao ndiye ankaoneka ndi maso tsiku ndi tsiku, koma mwini malo anali mdzukulu wa munthu uja amene anathera moyo wake polimbana ndi malonda a akapolo. Wofufuza amene amatsata dzina la bambo lokha angamphonye Bruce. Mcheŵa kapena Mlomwe, amene amaŵerenga mbumba kudzera kwa mai, angampeze msanga.

Nthambi ya Anna Mary inayenda njira ina. Iye anakwatiwa ndi Frank Wilson mu 1881, ndipo ana ake aŵiri, Hubert amene anali dokotala ndi Ruth amene anali namwino, anakagwira ntchito pa chipatala cha mishoni ya Chitambo ku Zambia, m'dera limene agogo ao anamwalirira pa 1 Meyi 1873. Motero m'mimba imodzi ya Mary munachokera mwini malo a thangata ndiponso ochiza odwala. Mabuku a chibale sabisa chimodzi n'kuonetsa chinzake, ndipo wofufuza woona mtima amalemba zonse ziŵiri.

Banja la Livingstone n'lotheka kulilondola chifukwa linasiya makalata ambiri, ndiponso chifukwa ku Scotland boma linayamba kulemba ana onse obadwa, maukwati ndi imfa mu 1855. Mabanja a anthu amene ankalima minda ya Bruce analibe mwai umenewo. Ku Malaŵi lamulo loti mwana aliyense alembedwe m'kaundula linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015. Ngakhale mapepala ambiri a boma la atsamunda anapsa pamene moto unatentha maofesi a ku Zomba mu 1919. Chotsala ndi mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mishoni, zosungidwa ku National Archives ku Zomba, ndiponso koposa zonse zimene agogo akusunga m'mutu.

Kotero munthu wofuna kudziŵa maukwati ndi ana a kholo lake ayambe ndi nkhalamba za m'mudzi zikali moyo. Afunse dzina la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo ndi limene munthuyo ankalembetsa ku migodi ya ku Joni kapena ku Harare, pakuti Rupert Vincent ali m'mabanja ambiri. Afunse za mkazi woyamba ndi wachiŵiri, za makanda amene sanakule, ndi za mpata uliwonse wa zaka pakati pa ana. Akatero alembe zonse m'kope ndi kulisunga pouma. Chibale ndi fupa, sichiola, koma maina osalembedwa amapita pamodzi ndi eni ake owadziŵa.