Clara Woyera wa ku Assisi ndi Kalata Imene Anaidikira Mpaka Imfa

Pa 11 Ogasiti chaka chilichonse Mpingo umakumbukira Clara Woyera wa ku Assisi. Ambiri a ife timamudziwa pa zithunzi, atanyamula Ukaristia m'manja, ndipo ena tinamvapo nyimbo za ana ake auzimu, masisitere a Poor Clares a ku Lilongwe. Koma titafunsidwa kuti mayiyu anatha zaka zake akulimbikira chiyani, ambiri tingangokanda m'mutu. Anakhala akudandaulira apapa, mwaulemu koma mosagonja, kuti amulole kukhala wopanda chuma chilichonse.

Clara anabadwa cha m'ma 1194 m'banja lolemekezeka la mu mzinda wa Assisi ku Italy. Bambo ake anali Favarone, mayi ake Ortolana. Mtsikana wa banja lotere njira yake inali yolambulidwa kale: kukwatiwa ndi mwamuna amene abale amusankhira, kuti dzina ndi chuma cha banja zikule. Koma iye anali atamva ulaliki wa Francis, mwana wa munthu wogulitsa nsalu, amene anasiya zonse za bambo ake. Usiku wa Lamulungu la Kanjedza m'chaka cha 1212, Clara anazemba panyumba natsikira ku katchalitchi ka Porziuncola, kumunsi kwa mzindawo. Kumeneko Francis anamumeta tsitsi namupatsa chovala cha anthu osauka.

Abale ake anamulondola mpaka ku nyumba ya masisitere a chipani cha Benedict Woyera kufupi ndi Bastia, kumene Francis anakamusungitsa. Clara anagwiritsitsa nsalu ya pa guwa, navundukula mutu wake wometedwa, ndipo iwo anabwerera chimanjamanja. Patangopita masiku 16 mng'ono wake Agnes anamutsatira, ndipo patapita zaka mayi awo nawonso anabwera. Kwawo kunakhala ku San Damiano, tchalitchi laling'ono limene Francis anakonza ndi manja ake. Clara anakhala kumeneko zaka zoposa 40.

Apa ndi pamene nkhani inayambira kuvuta. Masiku amenewo nyumba za masisitere zinkadalira minda ndi msonkho wa anthu olima m'mindamo, ndipo mtsikana wolowa chipani ankabwera ndi gawo la chuma cha kwawo. Masisitere obindikira sakanatha kuyenda m'misewu kukapempha chakudya monga ankachitira Francis ndi anzake. Tsono akuluakulu a Mpingo ankafunsa kuti: amayi otsekeredwa m'mpanda, opanda munda, adzadya chiyani ikagwa njala? Tisafulumire kuwaweruza, pakuti funsoli linali lanzeru, ndipo kholo lililonse likanafunsa chimodzimodzi. Kuwonjezera apo, Msonkhano Wachinayi wa ku Lateran mu 1215 unaletsa kuyambitsa malamulo atsopano a zipani.

Kadinala Hugolino, amene ankawakonda masisiterewa, anakhala Papa Gregory IX mu 1227. Chaka chotsatira anafika ku Assisi kudzalengeza kuti Francis ndi woyera, ndipo anapempha Clara kuti alandire malo ndi minda. Anamuuzanso kuti ngati chikumumanga ndi lumbiro lake, iye angathe kumumasula. Mbiri yakale ya moyo wake imasimba kuti Clara anayankha kuti sankafuna konse kumasulidwa ku kutsata Khristu. Pa 17 Sepitembala 1228 Papa anapereka kalata yachilendo, yonena kuti palibe amene angawakakamize masisitere a ku San Damiano kulandira chuma. Ena ankapita kwa Papa kukapempha chitetezo cha katundu wawo. Awa anapempha chitetezo cha umphawi wawo.

N'chifukwa chiyani anaumirira chonchi? Ife tikuona kuti Clara ankachidziwa bwino chuma, popeza anakulira momwemo. Munda umafuna anthu olima, wotolera msonkho, ndiponso milandu ya malire. Akanavomera, akanabwerera m'nyumba imene anathawa ija, kungosintha chovala. Iye ankafuna kuti mwana wa bwana ndi mwana wa mlimi adye mkate umodzi, wochokera ku ntchito ya manja awo ndi ku mphatso za anthu. Malo amene ankalola ndi ongokwanira dimba la ndiwo. Ngakhale matenda atamugoneka zaka zambiri, ankapempha kuti amutsamiritse kuti azipota ulusi wopangira nsalu za pa guwa za matchalitchi ozungulira Assisi.

Chithunzi chija cha Ukaristia chimachokera ku 1240, pamene asilikali a Mfumu Frederick II analowa mu mpanda wa San Damiano. Masisitere amene anachitira umboni pambuyo pa imfa yake anati Clara, ali chidwalire, anapemphera pamaso pa Sakramenti Loyera ndipo asilikaliwo anachoka osavulaza munthu.

Koma nkhani ya minda sinathe. Mu 1247 Papa Innocent IV anatulutsa malamulo ena olola masisitere kukhala ndi chuma cha onse pamodzi. Clara, atakalamba, anayamba kulemba malamulo ake. Kadinala Rainaldo anawavomereza mu 1252, koma iye ankafuna chidindo cha Papa mwiniwake. Pa 9 Ogasiti 1253 Innocent IV anavomereza, ndipo aka kanali koyamba kuti Papa avomereze malamulo a chipani olembedwa ndi mkazi. M'mawa mwake anamubweretsera kalatayo pa bedi lake, ndipo anaipsompsona kambirimbiri. Pa 11 Ogasiti anamwalira.

Rainaldo uja, atakhala Papa Alexander IV, ndiye analengeza kuti Clara ndi woyera mu 1255. Komabe mu 1263 Papa Urban IV anapereka malamulo atsopano olola chuma cha pamodzi, ndipo nyumba zambiri za chipanicho zinatsata amenewo m'malo mwa a Clara. Kalata yeniyeni ya 1253 ija inakhala yobisika kwa zaka mazana ambiri, mpaka mu 1893 pamene inapezeka ku Assisi, itakulungidwa m'zovala zake.