Kuchokera pa lamya ya waya kufika pa WhatsApp: Mwanza ndi njira ya mawu

Waya woyamba kutumiza uthenga kuchoka ku Nyasaland kupita kunja unali wa telegalafu wa kampani ya Cecil Rhodes, African Transcontinental Telegraph, umene unalumikiza Tete ndi Blantyre m'zaka za m'ma 1890. Kuyambira nthawi imeneyo, luso lililonse latsopano la mafoni lakhala likubwera ndi kampani yakunja, pamodzi ndi makina ake komanso akatswiri ake.

Kwa zaka zambiri lamya inali m'manja mwa boma. Ku Mwanza inkapezeka kwenikweni pa boma, ku polisi, ku chipatala ndi pa chipata cha m'malire, kumene anthu a kasitomu amayang'anira malole odutsa ku Zobue. Wofuna kulankhula ndi m'bale wake wa ku Joni ankadikira kalata, kapena kupita ku positi ofesi.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1995, pamene Telekom Malaysia inagwirizana ndi bungwe la boma la MPTC kukhazikitsa TNM. A ku Malaysia anali ndi magawo 60 pa 100, ndipo ndiwo anabweretsa makina a GSM. Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA, ndipo mu 1999 Celtel ya Mo Ibrahim inalowa m'dziko muno. Kampani imeneyi yasintha eni kangapo: MTC ya ku Kuwait inaigula mu 2005 n'kuitcha Zain mu 2008, kenako Bharti ya ku India inaitenga mu 2010 n'kuitcha Airtel. Mayina ndi mitundu ya penti pa magolosale zinkasintha, koma nsanja zinali zomwezo, ndipo amisiri a Chimalawi amene anaphunzira pansi pa mwini woyamba ndiwo anapitiriza kuziyendetsa. Apa ndi pamene luso linasamukiradi kuno, ngakhale pang'onopang'ono. TNM yokha inakhala ya Amalawi Telekom Malaysia itagulitsa gawo lake mu 2007.

Kuimba pa intaneti kunafuna china chimene nsanja zokha sizikanapereka. Malawi alibe nyanja yamchere, choncho intaneti yake inkadalira satelayiti, yodula komanso yochedwetsa mawu. Chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chitafika ku Maputo mu 2009, kampani ya lamya ya kuno ya MTL inalumikiza chingwe chake cha faiba ndi cha ku Mozambique kudzera ku Mwanza ndi Zobue. Boma lodziwika ndi manachesi ndi mabasi a ku Johannesburg linakhalanso njira ya intaneti, ngakhale kudula zingwe kwa akuba kwakhala kukusokoneza.

Skype, imene inayamba mu 2003, inkafuna kompyuta, motero inathera m'maofesi ndi m'nyumba za intaneti m'tauni. Imene inafika kwa anthu ambiri ndi WhatsApp, itayamba kuimbitsa mawu mu 2015. Munthu anasiya kuwerenga mphindi n'kuyamba kuwerenga bandulo, ndipo kuflasha kunachepa. M'midzi ya m'malire ena amasunga ma SIM awiri, wina wa Movitel, kampani imene Viettel ya ku Vietnam inayambitsa ku Mozambique mu 2012.

Makina onse amagulidwabe ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa, monga mu November 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mtengo wa bandulo nawo umakwera.