Tingolo ta pa njanji ta ku Beira

Ife a kuno ku Niassa sitima timaidziwa. Imacoka pa Cuamba kupita ku Nampula, ndipo imakokedwa ndi injini. Koma m'dziko lathu lomweli munali njanji ina imene inalibe injini. Njanjiyo inali mu mzinda wa Beira, m'mbali mwa nyanja ya mcere, pamene mtsinje wa Pungwe umathira.

Mzinda wa Beira unayamba mu 1887 ngati msasa wa asilikali a Cipwitikizi. Pambuyo pace boma la Portugal linapereka dera la Manica ndi Sofala kwa kampani ya azungu, Companhia de Moçambique. Kampaniyi inalamulira deralo mpaka 1942. Inkakhometsa msonkho wa nyumba ndi kugwira anthu cibalo.

Pa Beira panali mcenga wokhawokha. Munthu akaponda, phazi linkamira, ndipo magudumu a ngolo ankatitimira. Tsono azungu anayala njanji zing'onozing'ono m'miseu, zofika ku doko, ku masitolo ndi ku nyumba zao. Pa njanjizo ankayendetsa tingolo ta magudumu anai totchedwa trolley. Pamwamba pace panali mpando, ndipo kawiri-kawiri panalinso kadenga ka nsaru kochinga dzuwa. Mzungu wa cuma anali ndi kangolo kacekace ndi anchito ace okankha.

Nanga kangoloko kankayenda bwanji? Mzungu ankakhala pa mpando. Amuna awiri akuda ankagwira kumbuyo ndi kukankha, akuthamanga pa mcenga. Ife amene timayenda pa mcenga masana m'nyengo ya cilimwe tikudziwa m'mene umaochera kumapazi. Anthu amenewa ankathamangapo tsiku ndi tsiku, kupita ndi bwana ku nchito, kubwera naye ku nyumba, kupitanso ndi dona ku sitolo. Katundu wocokera ku doko nayenso ankakankhidwa comweci.

Akulu-akulu a ku Mandimba ndi ku Ngauma anatiuza za macila, m'mene makolo athu ankanyamulira mzungu pa mapewa. Kwa ife trolley anali macila ndithu, kungoti anali ndi magudumu.

Si kuti makina kunalibe. Ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, ngolo za pa njanji zoyendera magetsi zinayamba kunyamula anthu m'miseu mu 1904, ndipo zinaleka mu 1936 mabasi atalowa m'malo mwace. Ku Beira atsamunda anaona kuti thukuta la munthu wakuda linali lochipa kuposa makina.

Miseu ya ku Beira itakonzedwa ndi kulimba, magalimoto anacuruka, ndipo njanji zija zinazulidwa. Tingoloto timationa pa zithunzi zakale zimene azungu ankatumiza kwa abale ao ku Ulaya. Pansi pa cithunzi ankalemba dzina la mzinda kapena la mseu. Maina a anthu okankhawo sanawalembe.