Mabala Adalipo, Koma M'kaundula Mulibe

 Ulendo uno ndati ndilembeko za mbiri ya kwathu, ndipo ndasankha nkhani imene ambirife timaivina chaka ndi chaka koma sitiidziwa bwino.

Aliyense amene adakulira ku Mbungo, ku Nkhwazi, ku Makulawe kapena pa Chizumulu amawadziwa malipenga. Amadziwa zovala zoyera zositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, kuguba pamzere ndiponso maudindo a kingi, kaputeni ndi dokotala. Gule ameneyu adatengera perete wa asilikali, ndipo adafala m'mbali mwa nyanja yathu nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Kuguba kwa makolo athu tidakusunga. Koma tikafunsana kuti amene adapita ku nkhondoyo ndani, adavulala kuti, nanga adalandira chiyani, timangoyang'anana. Vuto si lathu lokha, pakuti ngakhale m'mabuku a boma mayina ambiri mulibe.

Tiyambire kutali pang'ono. M'chaka cha 1902 Angerezi adakhazikitsa gulu la King's African Rifles, lomwe makolo ankalitchula kuti Keyala, ndipo mabataliyoni awiri oyamba adali a anthu a m'dziko muno. Chaka chomwecho, mu Okutobala, ena mwa asilikaliwo adamenya nkhondo pa malo otchedwa Erego ku Somaliland. Mtsogoleri wina wachizungu, Alexander Cobbe, adalandira Victoria Cross, mendulo yoposa zonse kwa Angerezi, chifukwa mwa zina adanyamula msilikali wovulala pakati pa zipolopolo. Malo a asilikali a ku Zomba amatchedwa Cobbe Barracks mpaka lero. Koma chikalata cholengeza menduloyo sichitchula dzina la munthu wovulala uja. Wonyamula adalembedwa, wonyamulidwa adangotchulidwa ntchito yake. Umo ndi momwe zinthu zidayendera kwa zaka zambiri zotsatira.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idafika pakhomo pathu mwamsanga. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, idapita ku Sphinxhaven, komwe lero timati Liuli, nkuwombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Mfuti ya Guendolen idakalipo ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kudabuka nkhondo ku Karonga. Boma lidatenganso sitima ya mishoni ya Chauncy Maples, imene idayamba kuyenda panyanja mu 1901, kuti izinyamula asilikali ndi katundu. Sitima za mishoni zinkadalira amalinyero a kunyanja kuno, choncho nkhondo idalowa m'mabanja a m'mbali mwa nyanja ngakhale a anthu amene sadagwirepo mfuti.

Kuyambira mu 1916 asilikali a General Northey adalowa m'dziko la Majeremani, lomwe lero ndi Tanzania, kudzera kumpoto kwa nyanja. Ufa, zipolopolo ndi mankhwala zinkabwera pa sitima kufika m'madoko monga Mbamba Bay, ndipo kuchokera pamenepo zinkayenda pamitu ya anthu. Katswiri wa mbiri Melvin Page, amene adacheza ndi madala ambiri m'zaka za m'ma 1970 nkulemba buku la The Chiwaya War, adawerengera kuti asilikali ochokera m'dziko muno adali pafupifupi 19,000 ndipo amtengatenga adali pafupifupi 200,000. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo dziko lonse lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Amtengatenga ambiri adachita kugwidwa m'midzi, ndipo ochuluka adafa ndi kamwazi, njala ndi chibayo m'njira, osati ndi chipolopolo. John Chilembwe adachiona chinthuchi nkhondo itangoyamba. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi ndiwo adzafe pa nkhondo ya eni ake nkusiya akazi amasiye ndi ana, pomwe pa nthawi ya mtendere zabwino zimapita kwa ena.

Tsono chimene chimapangitsa kuti munthu aiwalike n'chiyani? Kwa asilikali, chinthu chimene sichidalembedwe chimakhala ngati sichidachitike. Angerezi alibe mendulo ya munthu wovulala ngati Purple Heart ya Amereka. Mu 1916 adayambitsa kamzere kagolide kosokerera pamkono wa malaya, koma kankaperekedwa kwa amene dzina lake latuluka pa mndandanda wa ovulala. Kalaliki akapanda kulemba, bala lija limatsala la mwini wake yekha. Mayina a anthu athu ankalembedwa monga momwe khutu la mzungu lamvera. Wina ankalembetsa dzina laubatizo, wina dzina la bambo ake, wina dzina longopeka pothawa msonkho kapena milandu ya kumudzi. Kuwonjezera apo, mu 1919 moto udatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo zikalata zambiri za zaka zam'mbuyo zidapsa. Chipilala cha Keyala ku Zomba chili ndi mayina a asilikali amene adafa, koma khamu la amtengatenga lidatsala kunja.

Pa nkhondo yachiwiri zinthu sizidasinthe kwenikweni. Asilikali a m'dziko muno adamenya nkhondo ku Moyale mu Julayi 1940, ku Tug Argan mu Ogasiti chaka chomwecho, ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942, ndiponso ku Burma mu 1944 m'chigwa cha Kabaw, m'nyengo ya mvula ndi malungo. Atabwerako adalandira ndalama zowathokoza. Mu 2019 atolankhani adatulutsa chikalata cha boma la Britain choonetsa m'mene ndalamazo adaziwerengera: msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adagwira ntchito, pomwe wachikuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni atatu ndi theka. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma buku la malipiro linkasankha.

Mwina wina anena kuti madzi akatayika saoleka, nanga tikukumbiranji zakale? Yankho ndi lakuti kaundula amakonzedwa, ndipo zachitikapo. Ku Amereka kudali msilikali wachikuda dzina lake Henry Johnson, amene mu Meyi 1918 ku France adalimbana ndi gulu la Majeremani usiku nkuvulala malo ambiri. Afalansa adampatsa mendulo yawo ya Croix de Guerre, koma dziko lake silidampatse mendulo iliyonse, ndipo adamwalira wosauka mu 1929. Anthu sadatope kufufuza zikalata ndi kulemba makalata. Mu 1996 mabala ake adavomerezedwa ndi mendulo ya Purple Heart, ndipo mu 2015 Pulezidenti Obama adapereka Medal of Honor m'dzina lake. Zidatenga zaka 97, koma choonadi chidalowa m'buku.

Kwa ife nkhani yoyandikira kwambiri ndi ya bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission. Lamulo la bungweli kuyambira pachiyambi lidali lakuti aliyense wofera ku nkhondo akumbukiridwe ndi dzina lake mosayang'ana udindo kapena mtundu. Mu 2019 phungu wa ku Britain David Lammy adaonetsa pa wailesi yakanema kuti ku Africa lamuloli silidatsatidwe, potsamira pa kafukufuku wa Pulofesa Michèle Barrett. Bungwelo lidakhazikitsa komiti, ndipo lipoti lake la mu Epulo 2021 lidapeza kuti anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000 adakumbukiridwa mosiyana ndi azungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, sadalembedwe mayina paliponse. Ambiri mwa iwo adali a kuno kuvuma kwa Africa ndi ku Egypt. Pa 22 Epulo 2021 nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako sikudathere pakamwa. Mu Januwale 2025 ku Cape Town adatsegula malo achikumbutso okhala ndi mayina oposa 1,700 a anthu a ku South Africa amene adafa akugwira ntchito ya mtengatenga ndi zina zotero pa nkhondo yoyamba. Mayina amenewo adachita kufufuzidwa limodzilimodzi.

Apa ndi pamene ife ana a ku Likoma tikulowa. Chilumba chathu chili ndi mwayi umene madera ambiri alibe. Amishoni a UMCA adakhazikika kuno mu 1885, ndipo mwambo wa mpingo wa Anglican ndi kulemba ubatizo, ukwati ndi maliro m'mabuku. Makolo athu adadziwa kulemba kalata madera ena asanaone sileti, ndipo ambiri adakagwira ntchito yaukalaliki, yauphunzitsi ndi yachipatala kutali ndi kwawo. Vuto lalikulu pokonza kaundula wa msilikali ndi kutsimikiza kuti munthu wolembedwa m'buku la boma ndi yemweyo amene banja likumunena. Buku la ubatizo, lomwe limatchula dzina, makolo ndi mudzi, likhoza kulumikiza ziwirizi.

Choncho pempho langa kwa inu ndi ili. Mukapita kumudzi pa tchuthi, tsegulani masutikesi akale aja ali pansi pa bedi. Funani buku lotulukira usilikali, chithunzi, kalata, baji ya chipewa kapena mendulo. Chofunika koposa ndi nambala ya msilikali, chifukwa dzina limalembedwa molakwika koma nambala ndi imodzi. Mukapeza mendulo yozungulira ya nkhondo yoyamba, yang'anani m'mphepete mwake, pakuti mamendulo a nthawi imeneyo ankadindidwa dzina, nambala ndi gulu la mwini wake. Mamendulo ambiri a nkhondo yachiwiri, monga nyenyezi ya Africa ndi nyenyezi ya Burma, adaperekedwa opanda dzina, motero pamenepo mapepala ndiwo amalankhula. Musapukute mendulo ndi mchenga kapena phulusa monga tichitira ndi mapoto, mungafafanize umboni.

Kenaka khalani pansi ndi azakhali, amalume ndi agogo amene atsala. Afunseni kuti malemu adapita chaka chanji, adakwerera pati sitima, adabwera ndi bala pati, ankatchula mayiko ati akamacheza madzulo. Lembani monga momwe anenera, muike tsiku ndi dzina la wonenayo, ndipo musawonjezere mchere. Nkhani yokometsera imagwetsa mlandu wabwino, chifukwa ofufuza akapeza bodza limodzi amakayikira zonse. Zimene mwapezazo zikhoza kuyerekezedwa ndi zosungidwa ku National Archives ku Zomba, ndi mabuku a mamendulo a nkhondo yoyamba amene ali ku Kew mu mzinda wa London, ndiponso ndi mndandanda wa mayina wa bungwe la manda lija, umene aliyense angauone pa intaneti. Bungwe la asilikali opuma la VELOM ndilonso khomo loyenera kugogoda.

Ndisakunamizeni, si banja lililonse limene lidzalandire mendulo kapena ndalama, ndipo tisalowe m'ntchitoyi ndi mtima wofuna chipukutamisozi. Phindu loyamba ndi lakuti dzina lolembedwa molakwika likonzedwe, munthu wosalembedwa alembedwe, ndipo mdzukulu adziwe kuti kutsimphina kwa agogo ake sikudali kobadwa nako. Mutu umodzi susenza denga. Pakati pathu pali aphunzitsi, ansembe, maloya, asilikali ndi ogwira ntchito m'boma, ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg. Tikagawana midzi, wina Mbungo, wina Madimba, wina Ulisa, wina Chizumulu, tikhoza kukhala ndi buku limodzi la mayina losungidwa ku sukulu yathu, limene ana angawerengeko pa Lamulungu lokumbukira asilikali mu Novembala.

Amene adamenya nkhondo ya 1914 adatha onse, ndipo a nkhondo ya 1939 atsala owerengeka m'dziko lonse. Tsopano amene akutisiya ndi ana awo, omwe adaona mabalawo ndi maso ndi kumva nkhanizo pakhonde. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Amene muli ndi kanthu, ngakhale nambala chabe yolembedwa kuseri kwa chithunzi, tumizani kwa mlembi wa bungwe lathu msonkhano wapachaka usanafike, kuti tikakumana tidzayambe ndi mayina amene tili nawo.