Tizinkhwe ta ku Liwonde ndi Anthu Amene Anatilemba

M'kope langa loyamba lolembamo zinyama, limene tsopano linathothoka chikuto, muli mzere umodzi umene umandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinalemba kuti: "Liwonde, tizinkhwe tambiri." Tsiku sindinalembe, nthawi sindinalembe, ngakhalenso thamanda limene ndinationapo. Chimene ndimakumbukira n'chakuti chinali chilimwe, mitengo ya tsanya itayoyola masamba, ndipo timbalame tobiriwira, tofiira kumaso ndi kumlomo, tinatera pamadzi mwaphokoso ngati ana otuluka m'kalasi. Mphunzitsi wina wa sayansi ya zamoyo atawerenga mzerewo anandifunsa mofatsa: "Kodi bambo, 'tambiri' ndi tingati?" Ndinasowa poyankha. Manyazi amenewo ndiwo ananditumiza ku laibulale kukafufuza amene anayamba kulemba za kambalameka, ndi mmene ankalembera.

Mbiri yolembedwa ya zamoyo za m'chigwa cha Shire imayamba m'chaka cha 1859, pamene David Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo, nafikanso ku nyanja ya Malawi mu Seputembala. Pa ulendowo panali John Kirk, dokotala amene ankatola zomera ndi zinyama namalemba malo ake. Mapiri a Kirk Range amene timawaona cha kuzambwe tikaima ku Balaka anatchedwa dzina la munthu ameneyu. Koma nkhani ya kachinkhwe kathu ikupsa m'nthawi ya Harry Johnston, amene atayamba kulamulira dziko lino m'chaka cha 1891 analemba ntchito Alexander Whyte kuti azitola zamoyo ndi kuzitumiza ku London. Mwa zikopa za mbalame zimene zinawoloka nyanja munali za kachinkhwe kochokera ku Fort Liwonde, ndipo m'chaka cha 1894 katswiri wa mbalame G. E. Shelley anakapatsa dzina lakuti Agapornis lilianae, polemekeza Lilian Sclater, mwana wa mlembi wa bungwe la Zoological Society of London.

Apa ndipo ndinaima nthawi yaitali, pensulo ili kukamwa. Dera limeneli linali ndi eni ake, Ayao ndi Amang'anja, amene ankadziwa mphako imene mbalame iliyonse imagona. Ine sindikhulupirira kuti mlendo wa ku Scotland akanalowa yekha m'nkhalango ya tsanya n'kutulukamo ndi mbalame m'manja popanda womulozera. Komabe dzina limene linakhalira mbalameyo ndi la mwana wa bwana wa ku London. Si kuti Whyte anali wochenjera kuposa wosaka wa kwa Liwonde. Iye anali ndi kapepala komangirira kumwendo kwa mbalame, kolembapo malo ndi mwezi, pamene wosaka uja nzeru zake anazisunga m'mutu, ndipo mutuwo unapita kumanda. Pamwamba pa izo, lamulo la zinyama la m'chaka cha 1926 linasandutsa alenje ambiri a m'midzi kukhala anthu olakwira boma.

Amene anatsatira nawonso sanali olembedwa ntchito ya mbalame. Charles Belcher, amene anatulutsa buku la The Birds of Nyasaland m'chaka cha 1930, anali woweruza milandu. C. W. Benson anali bwana wa pa boma, koma anasindikiza mndandanda wa mbalame za dziko lino m'chaka cha 1953, kenaka iye ndi mkazi wake analemba The Birds of Malawi m'chaka cha 1977. Pambali pa Benson ndi pamene tikupeza, kwa nthawi yoyamba m'kuwerenga kwanga, dzina la munthu wakuda: Jali Makawa, wobadwira ku Mozambique amene anadzakhala m'dziko muno. Bambo Makawa anayenda ndi Benson zaka zambiri, mpaka ku zilumba za Comoro m'chaka cha 1958, ndipo ankatchuka ndi khutu lawo lozindikira kulira kwa mbalame. M'chaka cha 1964 anagwira kambalame kachilendo kumpoto chakuzambwe kwa Zambia, kamene kanatchedwa Pogoniulus makawai. Ndinakondwa nditaona dzinalo, koma ndinadzifunsanso kuti a Makawa ena angati anasenza mfuti ndi misampha n'kungolembedwa kuti "mnyamata wanga".

Nkhalango ya Liwonde inakhala malo osungirako zinyama a boma m'chaka cha 1973. Zipembere zinabwezeretsedwamo m'chaka cha 1993 kuchokera ku South Africa. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira m'chaka cha 2015, ndipo mikango inabwereranso m'chaka cha 2018. Zinyama zikuluzikulu zotere sizisowa oziwerenga, ena amachita kukwera ndege. Kachinkhwe kanadikira mwana wa dziko lino, Tiwonge Mzumara, amene anakafufuza m'nkhalangomo zaka zingapo. Kafukufuku wake anaonetsa kuti timbalameti timagona m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya, ndiponso kuti timafa anthu opha nyama mozemba akathira poizoni m'mathamanda. Popeza m'Malawi muno timbalameti kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde komweko, thamanda limodzi lothiridwa mankhwala si nkhani yochepa. Ndipo munthu angadziwe bwanji kuti tikuchepa ngati onse amene anationa kale analemba kuti "tambiri" monga ine?

Malonso amafuna kusamala polemba. Boma limene mabuku akale amalitcha Kasupe ndilo Machinga, ndipo Balaka anapatulidwa kukhala boma palokha m'chaka cha 1998. Wolemba dzina la boma lokha amasokoneza mdzukulu wake. Mtsinje, phiri ndi thamanda sizisamuka wamba.

Ulendo wanga wotsatira ndinadzera ku Ulongwe, n'kuwoloka Shire pa bwato kupita ku Mvuu, mvuu zenizenizo zikufwenthera m'mbali. M'mawa mwake ndinakhala chete pafupi ndi madzi, pamodzi ndi mlonda wa nkhalango amene anandionetsa potsamira. Ndinalemba tsiku, ndinalemba kuti nthawi inali 6:20, ndinawerenga kawiri ndipo ndinapeza 23. Mlonda uja anati anali 25, awiri anabisika kuseri kwa nthambi. Ndinalemba manambala onse awiri, ndipo pambali pa 25 ndinalembapo dzina lake lonse, nditamufunsa kalembedwe kake.