Khwangwala pa chiwaya

Lamulo la zaumoyo limene alangizi amayendera poyang'anira malo odyera ku Kawale, Biwi ndi Mgona ndi la 1948, m'nthawi ya atsamunda, Lilongwe asanakhale likulu mu 1975. Limafuna kuti chakudya chogulitsa chisaipitsidwe. Lamulo loteteza nyama zakutchire, mbalame zomwe, linadza mu 1992, ndipo zilango zake anazikhwimitsa mu 2017.

Malamulo awiriwa amakumana pa chiwaya. Khwangwala amatsata zinyalala zosatoledwa, natera pamene akazinga tchipisi, ndipo zitosi zake zimatha kukhala ndi Salmonella ndi Campylobacter, tizilombo totsegula m'mimba. Wogulitsa akatopa naye amaganiza za tameki, poizoni yemwe sasankha: amapha mbalame, galu, ngakhale mwana wotola nyenyeswa.

Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Mlandu sunali wa mbalame ayi, unali wa madzi, zimbudzi ndi manja osasamba. Zimene alangizi ankalimbikitsa nthawiyo, kuvundikira chakudya ndi kukwirira dzala, n'zomwenso zimasamutsa khwangwala popanda kumupha.