Za Chipande cha Azulu ndi Mwambo wa Chambiko

Aphunzitsi anzathu, ife tizolowera kuyesa chipande chinthu chachabe, choomolera nsima basi. Koma kwa Azulu a ku South Africa, kumene anachokera Angoni aja anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835, chipande chinali mboni ya chibale.

Chakudya chawo chachikulu chinali chambiko, chimene iwo achitcha amasi. Kukama ng'ombe inali ntchito ya amuna ndi anyamata, ndipo amuna omwewo ndiwo anali kusema zipangizo zake. Chokamira, dzina lake ithunga, chinali cha mtengo umodzi, chachitali ndi chochepa pakamwa, chokhala ndi makutu awiri m'mbali kuti wokama achipanikize bwino ndi maondo. Amisiri anali kuchikometsa ndi timatuza totchedwa amasumpa, ndiko kunena njerewere. Mkakawo anali kuuthira m'chipanda, nauleka kufikira utagwirana.

Tsono podya chambiko munthu aliyense anali ndi kachipande kake kosema, kamene sanali kubwerekana wamba. Dzina lake ndi ukhezo, zikachuluka izinkezo. Onani kuti mpweya wa kh utayika pambuyo pa n. Mwambo wake unali wolimba: chambiko anali kudya ndi abale okhaokha. Mlendo anali kulandira nyama kapena mowa, koma chambiko ayi. Ndipo mnyamata wofuna mkazi pamudzi sanali kuchilawa pamenepo, pakuti kutero kukadamsandutsa mlongo wa namwaliyo. Mtengwa nayenso anali kusala chambiko cha kwa apongozi ake kufikira tsiku lomuphera chiweto ndi kumpatsa chilolezo. Pamenepo mudzi wonse unadziwa kuti walowa m'banja.

Nyama ya nsembe inalinso ndi mbale yake yosema, ugqoko, ya miyendo yaifupi. Nyamayo anali kuigoneka kuseri kwa moto m'nyumba yaikulu, pamalo pa mizimu ya makolo, asanaigawe.

M'chaka cha 1897 mliri wa ng'ombe unapulula makola a Azulu, ndipo amuna ambiri anapita kukagwira ntchito kwa Azungu. M'kupita kwa zaka zitini ndi masupuni a m'sitolo zinalowa m'malo mwa zosema.

Chifukwa chake tikaona ukhezo m'nyumba yosungiramo zakale, tisangotama luso la mmisiri, koma tifunse kuti mwini wake anali kudya ndi yani. Ndipo inu ophunzitsa pakati pa Angoni, funsani nkhalamba za kwanuko zimene zikumbukira pa mwambo wa mkaka, nimuzilembe zikali moyo.